Nyimbo ya Pamtondo M'masiku a Eda

Mwamuna wanga anamwalira m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke kwenikweni anali ataikidwa kale. Ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto, kunyamula amayi a geni ya nsomba kuchokera kunyanja kupita ku Benga. Tsiku limenelo lole inamugunda pamsewu waukulu. Ine ndinali kudambo, ndikumweta mpunga, mwana ali kumsana. Amene anabwera kudzanditenga anangoti, "Tiyeni kunyumba, bambo a mwana avulala pang'ono." Nditayandikira ndinaona nsapato zambirimbiri pakhomo pathu, ndipo ndinadziwa kuti wapita.

Ndinamupeza atamusambitsa kale, atamukulunga m'sanda yoyera. Anandivundukulira nkhope yake pang'ono chabe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire mmene timalirira kwathu, mokuwa, kutchula zonse zimene munthu wakusiyira. Mawu asanatuluke, apongozi anga, mayi ake a malemuwo, ananditseka pakamwa ndi dzanja lawo kuchokera kumbuyo.

"Subira, mwanawe, pirira," anandinong'oneza. "Misozi siletsedwa, koma kukuwa ayi. Umuvutitsa mnzako paulendo wake."

Ndinameza kulira kuja. Amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, n'kupita kumanda, ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo. Ngakhale dothi limene anamukwirira nalo sindinalione.

Ine kwathu ndi ku Dwambazi. Ndinakulira m'banja la Chikhristu, ndipo Chisilamu ndinalowa pokwatiwa, mwa kufuna kwanga, ndipo ndili momwemo mpaka lero. Kwathu maliro ndi nyimbo. Amayi amakhala mozungulira woferedwayo, uyu akatopa wina amalandira, ndipo iwe umalirira m'kati mwa nyimbozo mpaka mawu kusasa. Kumene ndinakwatiwa pachitengwa, kufupi ndi boma la Nkhotakota, kuli Asilamu ena amene amachita sikiri, kuimba kotamanda Mulungu, pamaliro, koma banja la apongozi anga ndi la amene amati maliro ndi bata ndi mapemphero a duwa basi. Ndinkazidziwa zimenezi. Maliro a anthu ena ndinali nditakhalapo ambiri, ndili chete ngati anzanga, osaona vuto. Sindinkadziwa kuti akakhala ako ndi nkhani ina.

Kenaka ndinalowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo, osayendayenda, osadzikongoletsa. Apongozi ananditengera m'nyumba mwawo pamodzi ndi mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba kumene kuyenda. Sanandizunze. Ankandiphikira, ankanditungira madzi. Nawonso anali atataya mwana, koma ankadzuka nthawi ya swala, pemphero la m'bandakucha, kusesa, kudyetsa nkhuku, ngati munthu amene thupi lake likudziwa lokha njira.

Langa linaiwala. Pachifuwa panga panakhala chinthu cholemera ngati mwala wa pachigwa. Chakudya chinkakanira pakhosi. Tulo sindinkalipeza. Njinga yamoto ikadutsa kumsewu, mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndipo ndinkaimirira n'kuyang'ana kuchipata, ndikudziwa bwinobwino kuti sabwera. Pang'ono ndi pang'ono mawu anandithera. Munthu akandifunsa kanthu, yankho ndinkalimva m'mutu, koma lilime silinkanyamuka. Ndinkangokhala pamkeka, kuyang'ana malo amodzi, dzuwa n'kusuntha ine osadziwa. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzandizonda, ndipo potuluka ndinkamva akunong'onezana kuti, "Mutu wayamba uja."

Tsiku lina m'mawa apongozi anatereka phala pambaula n'kupita kumjigo. Anandiuza kuti ndiyang'anire mwana. Ndinagwedeza mutu. Chimene ndikukumbukira pambuyo pake ndi ndowa ikugwa pachipata, madzi akuyenderera pabwalo, apongozi akuthamanga. Mwana anali atakoka poto, phala lotentha litamuthira padzanja mpaka pachigongono. Amati analira mpaka anthu a kuseri kwa mpanda anamva. Ine ndinali pomwepo, poti n'kanatambasula mkono n'kanamugwira, koma sindinamve chilichonse.

Tinapita naye kuchipatala chaching'ono cha pafupi. Namwino amene anamanga balalo anali mayi wachikulire wa magalasi. Atamaliza ndi mwana anandiyang'ana ine nthawi yaitali, n'kufunsa apongozi kuti ndayamba liti kukhala chonchi. Anandifunsa ngati ndimagona, ngati ndimadya, ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Ndinayankha ndi mutu. Anauza apongozi kuti, "Awa akudwala, amayi. Si ziwanda, si mwano. Ndi chisoni chimene chakhazikika m'thupi, ndipo chimachizika." Anandipatsa timapiritsi, n'kunena tsiku loti ndibwererenso. Potuluka anawonjezera kuti, "Mankhwala okha sakwanira. Muitanitseni wachibale amene amamasuka naye. Asamakhale yekha ndi maganizo."

Nkhani ya kupsa kwa mwana inafika ku Dwangwa, kwa alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga. Iwo ali ndi golosale kumeneko, ndipo malemu atapita ndiwo anatsala mutu wa banja. Anabwera, anayang'ana bandeji ya mwana, n'kukhala pampando kutsogolo kwanga.

"Mlamu, tamverani," anatero. "Sitikukulandani mwana. Koma uyu ndiye yekhayo amene mng'ono wanga watisiyira. Lero ndi dzanja. Mawa akapita kumsewu? Akagwera m'chitsime? Akazi anga ali pakhomo tsiku lonse, alibe wowasokoneza. Amulera bwino."

Aliyense ankadziwa kuti akazi awo akhala zaka zambiri pabanja osaona mwana, ndipo kuti mwana akalowa m'nyumba imeneyo sadzatulukamonso. Ndinafuna kunena kuti ayi. Ndinamva liwulo likukwera, n'kukakamira pamwala uja. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Mwaona, amayi?" alamu anatembenukira kwa apongozi. "Ngakhale za mwana wake sayankha."

Apongozi anapempha kuti ayambe adikira mankhwala agwire ntchito. Alamu anavomera monyinyirika. Anati mwezi ukatha abweranso, ndipo akandipeza chimodzimodzi anyamula mwana.

Apongozi omwewo ndiwo anatumiza uthenga ku Dwambazi. Achemwali anga aakulu anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi ndi mtolo wa chinangwa. Iwo ndi munthu wa pakamwa, wogulitsa usipa pamsika, amene sanaopepo munthu chibadwire. Atandiona anaima kaye, nkhope inawagwa, koma msanga anadzilimbitsa.

"Iwe, khosi limeneli ndi lako kapena wabwereka kwa kakowa?" anatero. "Tadzuka ndikuone bwino."

Masiku oyambirira anayesa zonse. Anandisambitsa, anandiluka tsitsi la mizere pansi pa mpango, anandiuza nkhani za kumudzi, za amene wathawa banja ndi amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Ndinkawamva ngati ali kutsidya la mtsinje. Mapiritsi anandipatsa tulo pang'ono, koma mawu sanabwere, ndipo mwezi unkapita.

Mpunga wanga uja wa kudambo anthu achifundo anali atandimwetera n'kundipunthira, matumba ali pakona m'nyumba, wosachotsa mankhusu. M'mawa wina achemwali anamasula thumba limodzi n'kufunsa apongozi ngati pakhomopo pali mtondo.

"Mtondo wachiyani, chigayo chili apa?" anatero apongozi.

"Mpunga wa kuchigayo umasweka, amayi, komanso fungo limathawa. Ife kwathu mpunga wodya tokha timasinja. Ndiponso manja a mng'ono wangayu aola ndi kukhala."

Mtondo unapezeka kwa oyandikana nawo, wakale, wong'ambika kukamwa, ndi minsi iwiri. Anauimika pabwalo pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mpanda wa kunjira. Achemwali anandikoka dzanja n'kundigwiritsa munsi.

"Sindikufuna mawu ako, asunge. Ndikufuna mapewa. Ine ndikatsitsa, iwe kweza. Ukaphonya ndikuswa zala, usadzati sindinanene."

Kusinja awiri mumtondo umodzi sikulola maganizo kupita kutali. Ukangochedwa pang'ono minsi imagundana. Poyamba inagundana kambirimbiri, mpunga n'kumwazikira nkhuku. Achemwali ankanditukwana mwachikondi, "Chitsiru iwe, unakwatiwa bwanji osadziwa kusinja?" Kenaka thupi linakumbukira. Du, du. Du, du. Thukuta linatsika kumsana. Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, ndinamva njala.

Tsiku lotsatira anayamba kuimba, motsitsa, kanyimbo kamene tinkaimba tili atsikana tikamaba mpunga wosinja wa amayi athu n'kumatafuna wauwisi:

Mpunga wa eni ndatafuna ine,
Akabwera ndidzati ndi nkhuku.

Kanyimbo kameneka kamafuna wovomera. Woyamba akatha, winayo amati, "Ndi nkhuku, ee, ndi nkhuku," pamene munsi wake ukutsika. Achemwali ankaimba mbali yawo n'kusiya mpata wanga uli wopanda kanthu. Sankandiyang'ana. Ankangobwereza, mpata uja n'kumabwera, n'kumapita. Mpata wa nyimbo ukakhala wosatseka umayabwa ngati dzino logwedera. Apongozi anali pakhonde ndi tasibi, mikanda yawo yopempherera, m'manja. Ndinaona atakweza mutu pamene nyimbo inayamba.

Sindidziwa kuti linali tsiku liti pamene ndinavomera. Sanali mawu enieni, unali mpweya chabe wotuluka ndi kutsika kwa munsi, "hee." Achemwali sanaime, sanasangalale, anangopitiriza ngati sanamve. Kenaka "hee" uja anasanduka "nkhuku." Mawu anga anali okhakhala ngati chitseko cha malata. Mwana, amene ankasewera ndi mankhusu patali pang'ono, anatembenuka n'kundiyang'ana modabwa, ndipo anabwera kudzagwira chitenje changa.

Kuyambira pamenepo tinkasinja m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono kuti mpunga usathe msanga. Kulankhula kunali kusanabwere bwino, koma pamtondo pakamwa pankatseguka. Madzulo ndinkatha kunena "madzi" kapena "zikomo." Ndinayamba kumusambitsa ndekha mwana ndi kumusintha bandeji.

Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti pamtondo mkazi amaimba zimene sanganene pamaso pa munthu. Mwamuna woledzera, mkazi mnzako, apongozi ovuta, onse amalowa m'nyimbo. Woimbidwayo amamva, koma sayankha, ndipo palibe amene amatengera nyimbo ya pamtondo kubwalo la milandu. Achemwali ankadziwa chimene ankachita. M'mawa wina, tili pakati posinja, anasiya mawu a nkhuku aja n'kumangong'ung'udza maimbidwe okha, kundisiyira njira yonse.

Sindinakonzekere. Zinangotuluka:

Wapita osatsazika, ee,
Kapu yake ili pathandala.
Ndimati ndilire, ee,
Dzanja la amayi pakamwa panga.
Ndameza maliro, amayi,
Akundidya m'kati.

Achemwali anavomera, "Akundidya m'kati, ee," ndipo ine ndinabwereza mokweza. Ndinaimba za njinga imene inabwera itapindika pangolo, za malaya ake amene anagawidwa ndisananunkhize komaliza, za manda amene sindikuwadziwa. Mawu anakwera mpaka sindinathenso kusiyanitsa kuimba ndi kulira. Munsi sindinausiye. Mpunga umene unali mumtondomo unasanduka ufa. Pamene ndinagwa pansi, achemwali anandigwira mutu pamiyendo pawo, ndipo ndinalira mpaka dzuwa linafika pamutu.

Nditatukula maso ndinaona mitu ya anthu pamwamba pa mpanda. Ena anali amuna ochokera kumsika. Pakhonde panalibe munthu. Apongozi anali atalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tsiku limenelo ndinadya mbale yonse, ndipo ndinagona ngati mwana. Koma apongozi sanandilankhule, ngakhale kundiyang'ana. Kutacha anapita kumjigo okha, osandisiyira mawu. Achemwali anandinong'oneza kuti, "Asiye, nawonso akutafuna zawo." Koma ndinaona kuti iwonso nkhawa yawagwira, chifukwa nthabwala zinachepa.

Tinasinjabe masiku otsatira, ndipo nyimbo ija inkabweranso, ngakhale sinkandigwetsanso pansi. Kunja kwa mpanda nkhani inali itayenda kale. Ena ankati wamasiye wa pakhomo paja wapengeratu, akuimba pa eda. Ena ankati akutukwana apongozi ake dzuwa likuswa mtengo. Panali ngakhale amene ankati munthu woimba mwamuna atangofa kumene ndiye kuti imfayo yamukomera. Wina anaimbira foni ku Dwangwa.

Alamu sanadikire kuti mwezi uthe. Anafika Lachisanu, atatuluka kumzikiti, ali ndi akazi awo. Mayiwo anali atanyamula kachikwama ka pulasitiki, ndipo pamwamba pake pankaoneka chitenje chatsopano choberekera mwana. Nditachiona, ndinadziwa chimene adzera. Mwala uja, umene unali utayamba kupepuka, unabwerera pamalo pake.

Tinayala mikeka pakhonde. Alamu anakhala pampando, apongozi pafupi ndi chitseko, ine ndi achemwali mbali inayo. Mwana anali pamiyendo panga, ndipo ndinamugwira mwamphamvu mpaka anayamba kudzipotokola.

"Ndinapereka mwezi," anayamba alamu, "koma zimene ndamva sizodikira. Ndimati munthu akudwala mwakachetechete. Tsopano akukuwa pabwalo, anthu akuonerera ngati kanema. Pa eda! Mng'ono wanga sanaume n'komwe m'manda. Ndipo akuti m'nyimbomo akutchula mayi anga, kuti ndiwo amudwalitsa. Ndinama?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kubwereza.

"Ndinama kodi?"

"Alamu," anatero achemwali, "kodi kuchokera ku Dwangwa konse kuja mwabwerera nyimbo ya pamtondo? Mwakwera minibasi, mwatseka golosale, chifukwa cha mtondo wong'ambika uwo? Amuna anzanu akamva adzakusekani. Za pamtondo sizipita pabwalo, ngakhale mwana amadziwa."

"Zimenezo ndi za kwanu ku Dwambazi. Pano pali malamulo ake."

"Nanga mpunga wa ku Dwambazi ndi wa kuno umasiyana kasinjidwe? Inu mwanenepa chonchi ndi mpunga wosinjidwa mwakachetechete?"

"Mayi, sindinabwere kudzachita chilamu." Mawu awo anauma. "Inu ndi amene mwabweretsa zimenezi pakhomo pano. Munapeza wodwala, mwamusandutsa wamisala." Anatembenukira kwa akazi awo. "Tengani mwanayo, tisachedwe galimoto."

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono, osandiyang'ana kumaso. Anagwada patsogolo panga n'kutambasula manja. Achemwali anafuna kudzuka, koma ndinawagwira bondo. Ndinkadziwa kuti akalankhulanso iwo, mwana apita. Ankafunika mawu anga, ndipo mawuwo anali atathawiranso pansi pa mwala.

Ndinachita chimene ndinkachita pamtondo. Ndinakoka mpweya ngati ndikukweza munsi, n'kuutulutsa ngati ndikutsitsa. Ndinabwereza. Pansi pa mtima ndinkamva du, du, ndipo ndinaika mawu pamwamba pake, limodzilimodzi.

"Alamu. Mwana. Sapita."

Onse anandiyang'ana. Alamu anali asanamve liwu langa chichokereni tsiku la maliro.

"Ndinkadwala," ndinapitiriza. Mawu ankatuluka modukaduka, koma ankatuluka. "Ndikudwalabe. Mapiritsi ndikumwa. Tsiku limene mwanayu anapsa, sindinamve kulira kwake. Zimenezo n'zoona, ndipo munali ndi chifukwa chochitira mantha. Koma pano ndikumva. Chimene chinanditsegula makutu ndi chomwecho mukuchitcha misala. Sindinaimbe chifukwa chokondwa. Mng'ono wanu ndinalibe pomulirira."

"Ndiye mpaka kunyoza mayi anga?"

Ndinayang'ana apongozi. Chiyambire nkhaniyo anali asanatsegule pakamwa, ankangoyendetsa tasibi m'zala. Masiku onse aja anali asanandilankhule, ndipo sindinkadziwa kuti mumtima mwawo muli chiyani. Ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti chimene anene iwo ndicho chichitike. Alamu ndi mutu wa banja, koma sanawolokepo mawu a mayi awo.

Nkhuku zinkapalasa mankhusu pansi pa mango.

"Ndani anakuuza kuti ndanyozedwa?" apongozi anafunsa alamu.

"Anthu onse akunena, amayi."

"Anthu. Ine ndinakuimbira foni? Ndinali pakhonde pompano, nyimbo yonse ndinaimva ndi makutu anga, kuposa amene anakuuzawo. Inandipweteka. Ikundipwetekabe. Koma inali yanga, sinali yako, ndipo sindinakutume kuti undiyankhire." Anaika tasibi pamkeka. "Iwe unabadwira m'tauni, wakulira mpunga wa kuchigayo. Ine ndinakulira kwa Malengachanzi, ndasinjapo mpaka manja kuchita matuza. Mayi a bambo ako ndinawaimbapo pamtondo, iwo ali pomwepo akupeta. Sanandifunse, ndipo madzulo tinadyera mbale imodzi."

"Koma pa eda, amayi? Chipembedzo chikuti chiyani?"

"Za chipembedzo ukafunse ashehe, ine si wophunzira. Tsiku la maliro ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa, ndipo lero n'kanachitanso zomwezo. Ine ndikuuza zimene ndaona pakhomo panga. Ndinali ndi munthu amene sankadya, pano akudya. Sankasamba, pano akusamba. Bandeji imene ukuionayo wamanga yekha. Swala anali atasiya, wayambiranso. Ndinakwirira mwana mmodzi chaka chino. Ukamuchotsera uyu mwanayu, ndikwirira wachiwiri, ndipo iwe udzabwera kudzanyamula jeneza."

Alamu anapukuta nkhope ndi dzanja. Ndinaona kuti maso awo afiira. Iwonso anali asanalire mng'ono wawo, koma zimenezo sindikanawauza.

"Nanga manyazi amene tikuchita pamaso pa anthu?"

"Pamenepo wanena zoona," anatero apongozi, ndipo anatembenukira kwa achemwali. "Inu, make ana, mtondo munauika pamalo olakwika. Mkazi wa pa eda saimba poti amuna odutsa amve mawu ake. Uchoke pampanda paja, upite kuseri kwa khitchini. Ndipo mawu atsike. Akumva Mulungu, sikuti mpaka amve a kumsika."

"Ndamva, amayi," anayankha achemwali, modzichepetsa mmene sindinawaonerepo.

Alamu sanagonje kwathunthu. Anati mwana atsale mpaka eda ithe, koma akadzangomva kuti wavulalanso, ngakhale kudzitema chala, sadzafunsanso munthu. Anati ndisaphonye tsiku la kuchipatala, ndipo achemwali asachoke mpaka namwino atanena kuti ndili bwino. Ndinavomera zonse. Zinali zoyenera.

Achemwali anakhala nane mpaka mvula yoyamba. Mpunga wanga utatha tinkasinjira anthu oyandikana nafe, kenaka chinangwa chouma, chilichonse cholowa mumtondo. Masiku ena mwala unkabwerera, makamaka njinga ikaima pachipata, ndipo ndinkapita kuseri kwa khitchini ngakhale popanda chosinja chenicheni. Nyimbo zinasintha zokha. Dzanja la apongozi linatulukamo, munalowa zina: mmene malemu ankayimbira mluzu akamatsuka njinga, mmene ankadyera nsomba kuyambira kumutu. Apongozi sanagwirepo munsi ngakhale tsiku limodzi, ndipo za nyimbo ija sitinakambiranepo mpaka lero. Koma lichero lawo lopetera linasamukira kuseri komweko. Namwino nditamuuza zonsezi anaseka n'kunena kuti ndisasiye, koma mapiritsinso ndisasiye mpaka atandiuza yekha. Eda itatha alamu anabwera, anandipeza ndikugulitsa zitumbuwa pachipata mwana ali pambali panga, ndipo nkhani ija sanaiyambitsenso.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi Lachisanu lomwe lija, nkhani itatha. Akazi a alamu anali akadali chogwada patsogolo panga nthawi yonse imene apongozi ankalankhula, manja ali pamaondo, palibe amene anawakumbukira. Amuna awo ataimirira, iwo anatsegula kachikwama kaja. Pansi pa chitenje panali kadiresi kachikasu, timasokosi, ndi kabotolo ka mafuta opaka pabala. Anali atakonzeka kalekale.

"Kadiresika mwina kamuchepa pofika Idi," anatero motsitsa. "Muzimuveka."

"Mumuveke nokha, mlamu," ndinatero, n'kumasula manja anga pamwana.

Anamuveka mosamala, kulowetsa dzanja la bandeji pang'onopang'ono kuti asamupweteke. Anamunyamula, anamununkhiza m'khosi, anayenda naye mpaka pachipata, ine mtima uli m'mwamba pa phazi lililonse limene ankaponda. Pachipatapo anaima. Amuna awo anali kale panjira, akuitana kuti galimoto iwasiya. Mayiwo anamutsitsa mwana pansi, anamutembenuzira kwa ine, n'kumukankha pang'ono kumsana kuti ayende.